Chipale chofewa pa Van Reenen: konzekani musanatsike

Anzanga oyendetsa mathiraki opita ku Durban, Van Reenen's Pass, njira yotsetsereka ya m'mapiri pa msewu wa N3 ku South Africa, musamaipeputse. Mu September 2024 chipale chofewa chinatseka msewu wa N3, anthu n'kugona m'magalimoto usiku wonse.

Ine ndimadzaza dizilo ku Harrismith ndisanatsike. Kumbuyo kwa mpando sikusowa mabulangete awiri, madzi, buledi ndi tchaja. Potsika ikani giya yaing'ono, buleki muziponda pang'onopang'ono. Mukaponda mwamphamvu, ngolo imatsetsereka n'kupindika. Msewu ukatsekedwa, khalani m'galimoto. Injini ikamalira, tsegulani zenera pang'ono kuti utsi usakukomoleni.

Kunyumba imbani msanga batire isanathe. Auzeni mayi a ana pomwe mwaima komanso nthawi yomwe muimbenso. Akangoona zithunzi pa WhatsApp inu muli zii, sagona tulo.