Momwe mungapangire upgrade Nextcloud ya mu Docker kuno ku Mzuzu osataya mafayilo

Izi ndi za inu amene muli ndi seva yanuyanu mu ofesi, kaya ku Katoto kaya ku Luwinga, ndipo Nextcloud, pulogalamu yosungira ndi kugawana mafayilo, mumaiyendetsa ndi Docker Compose. Za kuika Docker sindikamba, munachita kale.

Yambani ndi compose.yaml, muone mzere wa image. Ngati palembedwa nextcloud:latest, chotsanipo latest lero lomwe, mulembepo nambala ya version yomwe muli nayo. Nextcloud silola kulumpha version yaikulu: wochokera pa 29 ayenera kudzera pa 30 asanafike pa 31, ndipo mukakwera palibe kutsikanso. Kuti mudziwe pamene muli, gwiritsani occ, chida cholamulira Nextcloud. Apa app ndi dzina la service ya Nextcloud mu compose.yaml yanu, ndipo malamulo onse a occ m'munsimu muziwayamba chimodzimodzi. Lembani:

docker compose exec -u www-data app php occ status

Kenako mapulagini, omwe Nextcloud imawatcha apps. Lamulo la occ app:list likuonetsani onse, ndipo mndandandawo muusunge penapake. Amene munachita kuwonjezera nokha muwafufuze pa apps.nextcloud.com ngati akugwirizana ndi version yomwe mukupitako. Wosagwirizana muzimitseni ndi occ app:disable.

Tsopano tsekani khomo ndi occ maintenance:mode --on kuti anthu asalowe, tulutsani database ndi mariadb-dump ngati yanu ndi ya MariaDB, ndipo mukopere volume yonse ya /var/www/html, osati foda ya data yokha. Backup imeneyi isakhale pa disiki yomweyo. Chenjerani ndi mafulashi otchipa amene ogulitsa ena amayenda nawo m'tauni muno: pachikuto palembedwa 256GB, mkatimo malo ndi ochepa kwambiri, ndipo amalandira mafayilo mwakachetechete kwinaku akuwononga akale. Ayeseni kaye ndi f3write ndi f3read, mapulogalamu oyeza malo enieni a fulashi. Ine ndimaona kuti bola hard drive yakale ya laputopu yoikidwa m'kabokosi ka USB.

Sinthani nambala ija, mwachitsanzo nextcloud:30-apache, mulembe docker compose pull. Image imeneyi ndi ya mamegabaiti mazana angapo, ndiye bandulo ikhale yokwanira, mitengo yake mukuidziwa nokha. Ngati mnzanu anaikoka kale, apange docker save akupatseni pa fulashi, inu mupange docker load, mwapulumutsa ndalama.

Apa ndiye pofunika kudekha. Mukalemba docker compose up -d, container yatsopano imayerekeza version yake ndi yomwe ili mu volume, imakopera mafayilo atsopano, kenako imayamba yokha kusintha matebulo a mu database. Pa browser simuona chilichonse chosonyeza kuti ntchito ili mkati, choncho tsegulani docker compose logs -f app muziyang'anira, manja kutali ndi kiyibodi.

Kwa ine magetsi anathima pa nthawi imeneyi, kunja kukugwa mvula ya mabingu ija ya kuno. UPS, kabokosi ka batire kogwirizira seva magetsi akathima, inangolira kamodzi n'kuzima, batire yake inali yotha ngakhale wondigulitsa anaitchula yatsopano. Magetsi atabwera container inadzuka bwinobwino, koma tsamba linangokakamira pa maintenance. Chifukwa chake n'chakuti mafayilo anali atakopedwa kale, ndiye container inaona ngati zonse zatheka, sinabwerezenso gawo la database. Zikakuchitikirani musafufute kanthu, musabwezenso nambala yakale, chifukwa image yakale imakana kuyamba ikapeza mafayilo a version yapamwamba. Ingolembani:

docker compose exec -u www-data app php occ upgrade

Kwanga inapitiriza mpaka kumaliza. Ikakana ndi uthenga wonena za tebulo, bwezerani volume ija pamodzi ndi database, zonse ziwiri, mubwerere pa image yakale, muyambirenso. N'chifukwa chake ndinati mukopere volume yonse. Ndipo musanayambe ntchitoyi zulani pulagi ya UPS kukhoma seva itayaka, ogwira ntchito atachoka, muone ngati ipirira mphindi 15. Ikalephera, gwiritsani inverter ya sola kapena dikirani tsiku lopanda mitambo.

Zotsalazo n'zachangu. Pangani occ db:add-missing-indices, kenako occ maintenance:mode --off, mulowe muone ngati mafayilo ndi kalendala zilipo. Mapulagini aja ayatseni limodzilimodzi ndi occ app:enable, kuti lovuta lidziwike msanga. Ngati pali version ina kutsogolo, bwerezani zonsezi. Image zakale zichotseni ndi docker image rm pakatha sabata, ndipo pa docker compose down musawonjezere -v, amafufuta ma volume pamodzi ndi database yanu.