Kuchotsa kochi wa basketball ku koleji sizoni ili mkati: zoyenera kuyamba mwaona

Sizoni ya basketball m'makoleji a ku America, pansi pa NCAA, bungwe loyang'anira masewero a m'makoleji, imayamba mu Novembala. Masewero a m'ligi amatentha mu Januwale ndi Febuluwale, kenaka mu Malichi kumabwera mpikisano wa dziko lonse wa March Madness. Timu ikagonja kanayi kapena kasanu motsatana, ochemerera ndi anthu olemera amene amathandiza koleji ndi ndalama amayamba kulira kuti kochi achoke. Inu akuluakulu a zamasewera, phokoso limenelo lisakuthamangitseni. Funso loyamba ndi lakuti: mawa m'mawa, adzayendetse zokonzekera za timu ndani?

Musanayankhe, tengani kontrakiti mukhale pansi ndi loya wa koleji. Safunsa adadya phula. Makontrakiti ambiri ali ndi njira ziwiri zochotsera munthu. Yoyamba ndi kuchotsa pa mlandu, monga kuphwanya malamulo a NCAA kapena khalidwe lonyazitsa sukulu. Apa koleji kawirikawiri sipereka chipukutamisozi. Yachiwiri ndi kuchotsa popanda mlandu, ndipo kugonja m'bwalo kumagwera m'gulu limeneli, ngakhale timu ikhale ikusewera moipa motani. Apa mumalipira zimene zinalembedwa. Koleji ya Ohio State itachotsa kochi wake Chris Holtmann pa 14 Febuluwale 2024, timu itapambana masewero 14 n'kugonja 11, inatsala ndi ngongole ya madola pafupifupi 12.8 miliyoni. Fufuzani zinthu zitatu: ngati ndalamayo imatsika pa tsiku lina lake m'chaka (mwina kudikira masabata asanu ndi limodzi kungakupulumutseni ndalama zambiri), ngati imaperekedwa kamodzi kapena mwezi ndi mwezi, komanso ngati malipiro a ntchito yatsopano imene kochiyo angapeze adzachotseredwe pa ngongole yanu. Cholakwika chimene chimadula kwambiri ndi kunamizira mlandu pofuna kuzemba kulipira. Nkhaniyo imakathera kukhoti, ndipo makochi ena abwino amaiwona n'kuyamba kukukayikirani.

Pamene pali nkhani ya khalidwe, yambani mwamuimitsa kaye. Ndi zimene inachita koleji ya Texas pa 12 Disembala 2022 kochi wake Chris Beard atamangidwa: inamuimitsa osalandira malipiro, inafufuza, n'kudzamuchotsa pa 5 Januwale 2023. Mlandu wake kukhoti unadzathetsedwa mwezi wotsatira.

Tsopano za wogwirizira, pomwe pagona nkhani yonse. Kochi wodziwika sangasiye timu yake mu Januwale kuti abwere kwa inu, choncho munthu wanu ali pa benchi lomwelo pakati pa othandizira. Texas inali ndi mwayi: wothandizira Rodney Terry anali atatsogolerapo kale matimu a makoleji a Fresno State ndi UTEP (University of Texas at El Paso). Iye anatenga chikho cha mpikisano wa ligi ya Big 12, anafika m'gulu la matimu asanu ndi atatu otsiriza mu March Madness, ndipo anapatsidwa ntchitoyo. Ku Ohio State, Jake Diebler pa masewero ake oyamba anagonjetsa Purdue, yomwe inali pa nambala 2 m'dziko, naye anadzakhazikika. Zakale kwambiri ndi za Michigan mu 1989, pamene Steve Fisher analowa m'malo mwa Bill Frieder mpikisano wa March Madness uli pafupi kuyamba n'kutenga chikho.

Koma nkhani zotere zimanyenga. Matimu amenewa anali ndi osewera aluso kale. Chimene chinkasoweka chinali mtendere kapena mawu atsopano. DePaul inachotsa Tony Stubblefield mu Januwale 2024 itapambana katatu kokha pa masewero 18, ndipo inamaliza ligi ya Big East yagonja masewero onse 20. Ngati vuto ndi kuchepa kwa luso, wogwirizira alibe mankhwala. Chimene mumapindula pokhapo ndi kuyamba msanga kufunafuna kochi wina poyera.

Tsiku lake sankhani pamene pali mpata wa masiku atatu kapena anayi masewero ena asanafike, makamaka timu ili pakhomo. Dongosolo likhale ili, zonse tsiku limodzi: kochi auzidwe pamaso, kenaka othandizira ake, kenaka osewera onse m'chipinda chimodzi, pomaliza atolankhani. Wosewera akamva nkhaniyi pa foni inu musanamuuze, mwamutaya. Wogwirizira mulembereni kalata yonena malipiro ake owonjezera, mphamvu zake, ndiponso ngati adzaganiziridwe pa ntchitoyo. Wosiyidwa m'malere amayamba kufunsira ntchito kwina masewero akadalipo.

Malamulo a NCAA amatsegulira osewera mpata wosamukira ku koleji ina kochi akasinthidwa, ndipo kutalika kwa mpatawo kwakhala kukusinthidwa, choncho ofesi yoona za malamulo ikupatseni zimene zikugwira ntchito chaka chimenecho. Ana a ku sekondale amene analonjeza kubwera, pamodzi ndi makolo awo, aimbiridwe foni tsiku lomwelo ndi wothandizira amene anawakopa. Musachepetse anthu oyang'anira maphunziro a osewera m'masabata amenewa, chifukwa wolephera m'kalasi saloledwa kusewera, ndipo pa chisokonezo chotere homuweki ndi imene imayamba kuiwalika.