Kudulira mitengo ya maapozi m'munda wa malonda

Maapozi amene ali mbwee m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre ambiri amachokera ku South Africa, kumadera monga Ceres ndi Elgin. Wogula akamayerekeza maapozi athu a ku Dedza kapena ku Tsangano ndi akunjawo, amayang'ana kukula ndi kufiira kwake. Zonse ziwirizi zimadalira dzuwa lolowa m'kati mwa mtengo, ndipo mumtengo wothithikana dzuwa silipeza polowera. N'chifukwa chake zimandipweteka ndikapeza munda wothirira bwino, wothira manyowa mokwanira, koma mitengo yake ili ngati tchire chifukwa mwiniwake akuchita mantha kudula nthambi.

Nthawi yodulira ndi ya chisanu, Juni ndi Julayi, mtengo ukayoyola masamba, maso ake asanayambe kutupa. Sankhani tsiku louma. Kukachita chiperoni dikirani kaye, poti bala lonyowa ndi khomo la matenda.

Musanagwire chida, mudziwe pamene mtengo umabalira. Zipatso zambiri zimakhala pa tinthambi tatifupi tokhakhala, totalika ngati chala kapena kucheperapo, tomera pa nthambi za zaka ziwiri kupita m'tsogolo. Diso lobala maluwa limakhala lonenepa, lobulungira. La masamba limakhala lowonda, lomamatira kunthambi. Waganyu amene sanaonetsedwe kusiyana kumeneku amasadza tinthambi timeneti poyesa kuti akuyeretsa mtengo, osadziwa kuti akutaya zokolola za zaka zingapo. Yendani naye pamtengo woyamba, mumugwiritse maso onse awiriwo ndi chala chake.

Pali vuto lina limene ndi lathulathu. Kwawo kwa apozi ndi kumayiko ozizira kwambiri, kumene chisanu chimagoneka mtengo tulo tofa nato, ndipo kukafunda maso onse amadzukira pamodzi. Kuno chisanu n'chochepa. Ngakhale mitundu yosafuna kuzizira kwambiri, monga Anna wochokera ku Israel ndi Dorsett Golden wochokera ku Bahamas, imavutikabe: diso la kunsonga limadzuka lokha, enawo n'kumangogona. Mapeto ake nthambi imangosololoka ngati mkwapulo, masamba ali kunsonga kokha, pakati ponse pali mbee. Mukaidula nsonga, imatulutsa mikwapulo ina iwiri kapena itatu yoloza kumwamba, yosabalanso.

Mankhwala ake ndi kuweramitsa. Mangani chingwe chofewa kunthambi, muikokere pansi mpaka itatsala pang'ono kugona chopingasa, chingwecho muchimangirire kuchikhomo. Nthambi yogona imaleka kuthamangira kumwamba, maso a m'mbali amadzuka, n'kusanduka tinthambi tobala tija. Alimi a ku Batu, pachilumba cha Java ku Indonesia, kumene kulibe chisanu chenicheni, amakolola maapozi kawiri pachaka poyoyola masamba ndi manja akatha kukolola ndi kuweramitsa nthambi. Nafenso masamba akakakamira mumtengo mpaka Julayi, ndi bwino kuwapulula. Ine ndimati kuno kwathu mlimi wa maapozi azitha zingwe zambiri kuposa mmene amanolera sowo. Poweramitsa nthambi musapitirize mpaka nsonga kuloza pansi, chifukwa pamsana pa nthambiyo padzadzaza mphukira zoima njo. Chingwe muzichiyendera, chisalowe m'khungwa.

Mtengo umaumbidwa m'zaka zitatu zoyambirira. Mbande yomezanitsa yopanda nthambi muidule pa masentimita 80 kuchokera pansi mukangoibzala. Pa mphukira zotuluka, yamphamvu ya pamwamba ikhale mtsogoleri, thunthu limodzi lopita kumwamba. Kenako sankhani nthambi zitatu kapena zinayi zoloza mbali zosiyana, zosachokera pamfundo imodzi, yotsikitsitsa ikhale pafupifupi masentimita 60 kuchokera panthaka. Zikhale zotambalala. Nthambi yopanikizana ndi thunthu imadzang'aluka ikalemedwa ndi zipatso. Gulu lachiwiri la nthambi lidzayambe m'mwamba mutasiya mpata wa masentimita 60 kapena kuposerapo, ndipo likhale lalifupi kuposa lapansi, kuti la pamwamba lisaphimbe la pansi. Nthambi imene kunenepa kwake kwapitirira theka la thunthu pamene yamerapo ikulimbana ndi mtsogoleri, ichotseni yonse. Zipatso za chaka choyamba zithotholeni zili zazing'ono, ngakhale mtima ukuwawa, kuti mphamvu ipite kukamanga mtengo.

Mumtengo waukulu yambani ndi zouma, zodwala ndi zothyoka, kenako zokhulana ndi zolowera m'kati, ndiponso mphukira zomera patsinde m'munsi mwa pomezanitsa. Mukatero bwererani m'mbuyo, muuzungulire mtengowo, muone pamene pali mdima. Kuchotsa nthambi imodzi yaikulu pomwe yamera kumatsegula mtengo kuposa kudula nsonga makumi awiri. Ngati munda unatayiridwa zaka zambiri, musafune kuukonza tsiku limodzi. Musachotse zopitirira gawo limodzi mwa magawo anayi a nthambi pachaka. Mukapyola apo mtengo umabwezera ndi mphukira zosabala, ndipo nthambi zimene zinazolowera mthunzi zimapsa khungwa ndi dzuwa la Okutobala.

Chikwanje chisiyeni kunyumba. Chimang'amba khungwa ndi kusiya bala losapola. Gwiritsani sizasi yodulira mitengo ndi kasowo kakuthwa. Podula kanthambi, dulani mopendeka pamwamba pang'ono pa diso loloza kunja. Pochotsa nthambi yonse, pamene yalumikizana ndi thunthu pali kotupa ngati mkanda. Dulani kunja kwake, osauvulaza, komanso osasiya chitsa, chifukwa mkandawo ndi umene umatseka bala. Nthambi yolemera iyambeni kuicheka kunsi, kenako pamwamba chapatsogolo pang'ono kuti igwe osasenda thunthu, ndiye mumalize chitsacho. Mukadula chodwala, pukutani chida ndi sipiliti musanapite pamtengo wina. Nsonga zotuwa ngati zawazidwa ufa zili ndi matenda; ziduleni, muzitulutse m'munda n'kuziwotcha. Mabala muziwayendera, chifukwa nsabwe zoyera zooneka ngati thonje zimakonda kukhala pamenepo.

Mvula ikayamba, mphukira zoima njo zimatuluka zambiri. Zikadali zanthete zimathyoka ndi dzanja, ndipo kuzichotsa nthawi imeneyo kumathandiza kuti zipatso zifiire. Kupatulira zipatso kumachitika msanga kuposa apo, zikafika ngati nsonga ya chala chachikulu: pa phava lililonse siyani chimodzi, zikachuluka ziwiri, motalikirana ngati chikhatho chotambasula. Anna amabereka mowirikiza, ndipo mukamusiya ndi zonse mudzakolola tizipatso tambirimbiri timene wogula wa m'tauni adzatidutsa.