Momwe mungadzitetezere m'madzi ozizira ngati mumakwera boti ku Cape Town

Abale amene munakulira ku Nkhata Bay kapena ku Mangochi ndipo tsopano mumakwera maboti ku Hout Bay, doko la ku Cape Town, nkhani iyi ndi yanu. Kwathu, ngakhale mwera utavuta bwanji mu Julayi, madzi a pamwamba pa nyanja satsika kufika madigiri 20. Mbali ya Atlantic ku Cape Town amatha kuzizira kufika madigiri 12, chifukwa mphepo imavundula madzi a pansi pa nyanja n'kuwakweza pamwamba. M'madzi otere, ngakhale katswiri wosambira amamira msanga.

Choyamba, valani jekete yoyandamitsa musanaponde m'boti, pamwamba pa zovala zonse. Yosungidwa pansi pa mpando ilibe ntchito, poti boti likamagudubuka simupeza mpata woifunafuna. Onani makilogalamu olembedwa m'kati ngati akugwirizana ndi thupi lanu. Mangani malamba onse, kuphatikizapo lodutsa pakati pa miyendo lija ambiri amachita nalo manyazi. Kenako mnzanu akoke jeketeyo m'mapewa. Ikafika m'makutu, ndiye kuti yakhwepa, ndipo m'madzi idzakuvukani. Ngati ndi yofufuma yokha, onetsetsani kuti kabotolo ka gasi n'komangika bwino ndipo sikanachite dzimbiri.

Mukagwera m'madzi, mphindi yoyamba ndiyo yoopsa kwambiri. Kuzizira kumakukokerani mpweya mwadzidzidzi osafuna, ndipo mutu ukakhala pansi pa madzi mumakoka madzi m'malo mwa mpweya. Apa ndi pamene jekete imagwira ntchito yake yaikulu. Musalimbane ndi kusambira. Gonani chagada, tambasulani manja, mudikire mpaka kupuma kubwerere m'malo.

Gordon Giesbrecht, wofufuza wa ku Canada, amaphunzitsa kuti mukatero mumatsala ndi mphindi pafupifupi 10 zala ndi mikono zisanaume. Musazitaye. Imbani wezulo, gwirani chingwe, kwerani pamsana pa boti ngati lagudubuka, popeza madzi amalanda kutentha kwa thupi mofulumira kwambiri kuposa mphepo. Zovala musavule. Gombe limaoneka pafupi, koma ine ndinganene kuti musasiye boti: opulumutsa amaliona msanga kusiyana ndi mutu wa munthu pakati pa mafunde.

Ngati palibe pokwera, pindani mawondo afike pachifuwa, manja muwapingase. Mukakhala angapo, kumbatiranani. Wovala jekete atha kukhala ola limodzi kapena kuposerapo asanakomoke.

Amene mwavuula mnzanu, mugonekeni, mumuvule zonyowa ndi kumufunditsa mabulangete kuyambira pachifuwa. Musamutikite manja ndi miyendo, komanso musamupatse mowa ati kuti afunde. Imbani 112 pafoni ya m'manja, munene malo amene muli, ndipo mupemphe a NSRI, bungwe lopulumutsa anthu panyanja ku South Africa.