Khosi likada ngati litsiro losachoka, kayezetseni shuga

Ntchito yanga ndi yoluka tsitsi, choncho makosi a anthu ndimawaona pafupi kuposa eni ake. Pali kuda kwina kumene ndimakuzindikira ndikangokweza tsitsi: khungu la kumbuyo kwa khosi limada bii, limakhuthala, ukalikhudza n'lofewa, ndipo m'mizere mwake mumaoneka ngati mwaunjikana litsiro. Kumapezekanso m'khwapa, m'mphechepeche ndi pa mfundo za zala. Madokotala amakutcha acanthosis nigricans.

Choyamba, achemwali, lekani kukhula ndi chinkhupule kapena mwala. Si uve ayi. Zimandiwawa kwambiri ndikamva mayi akukalipira mwana wake wonenepa kuti sasamba, pamene vuto lili m'magazi. Mafuta oyeretsa khungu aja, makamaka okhala ndi hydroquinone kapena ma steroid, asiyeninso: amatha kuwononga khungu, koma gwero la vuto salikhudza n'komwe.

Nthawi zambiri gwero lake ndi insulin, homoni yomwe imatsitsa shuga m'magazi. Thupi likasiya kumumvera, kapamba amatulutsa wambiri kuti shuga atsike, ndipo insulin wochulukayo amapangitsa khungu la m'makwinya kukula msanga n'kuda. Zimenezi zimatha kuyamba matenda a shuga asanaonekere.

Ndiye pitani kuchipatala m'mawa musanadye kanthu kwa maola 8, madzi okha mutha kumwa. Shuga akapezeka pa 126 mg/dL, yomwe ndi 7.0 mmol/L, kapena kupitirira, amayezanso tsiku lina kuti atsimikize. Pakati pa 100 ndi 125 ndi chenjezo, musanene kuti mwapulumuka.

Mukafika kwa adokotala musachite manyazi. Ngati msambo umadumpha miyezi, pachibwano pakumera ndevu, ziphuphu sizikutha kapena pakati pakuvuta kutenga, nenani zonse, chifukwa mwina ndi PCOS, vuto la mahomoni lomwe limayendera limodzi ndi insulin. Tengani mankhwala onse omwe mukumwa, kuphatikizapo mapiritsi akulera ndi prednisolone, popeza nawonso amatha kudetsa khungu. Koma musawasiye panokha. Ena omwe thupi lawo silikumvera insulin amapatsidwa metformin, mankhwala otsitsa shuga.

Kunyumba, yambani ndi tiyi. Masupuni atatu a shuga atsike kufika imodzi, zakumwa zotsekemera ndi mandasi zikhale za apo ndi apo. Nsima ikhale ya mgaiwa, mitanda yochepa, ndipo mbale idzaze nkhwani, bonongwe kapena chisoso ndi nyemba. Yendani ndawala mphindi 30, masiku asanu pa sabata. Ngati mukulemera makilogalamu 80, kutsitsa 4 mpaka 8 kumathandiza kale thupi kumvera insulin. Khungu limayera pang'onopang'ono, pamatenga miyezi.

Koma kudako kukabwera mwadzidzidzi n'kufalikira msanga, mpaka m'manja ndi pamilomo, makamaka kwa munthu wachikulire yemwe akuwonda popanda chifukwa, musadikire. Nthawi zina chimakhala chizindikiro cha khansa ya m'mimba, ndipo ameneyo apite kuchipatala sabata yomweyo.