Kasamalidwe ka Wodwala Amene Akubanika

Wodwala akafika akubanika, musathamangire silinda ya okosijeni musanaone ngati kukhosi kukudutsa mpweya. Muyankhulitseni. Akayankha ndi mawu omveka, njira ndi yotseguka. Mukamva mkonono kapena phokoso ngati madzi akuwira kukhosi, pali chotseka: lilime lagwera kumbuyo, masanzi kapena makhololo. Kwezani chibwano, zamadzizo muzipope ndi makina a sakishoni. Wokomoka amene akupuma mugonekeni chammbali. Amene ali maso mukhazikeni tsonga, mapilo kumsana, chifukwa kugona chagada kumapanikiza mapapo.

Kenako werengani kapumidwe kwa mphindi yathunthu. Anamwino ambiri amadumpha apa, chonsecho kapumidwe ndi kamene kamayamba kusintha matenda akamakula. Gwirani dzanja lake ngati mukumvetsera kugunda kwa mtima koma maso ali pachifuwa, pakuti munthu akadziwa kuti mukuwerenga amasintha kapumidwe. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka 20 pa mphindi. Khanda losakwana miyezi 2 likafika ka 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 ka 50, wa chaka 1 mpaka zaka 5 ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga. Onaninso ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati, ndiponso ngati akutha kumaliza chiganizo osaima.

Kamakina kopanira pachala koyeza okosijeni m'magazi, pulse oximeter, kazionetsa 94 mpaka 98 peresenti. Kwa odwala COPD, matenda okhalitsa otseka njira za mpweya m'mapapo, okwanira ndi 88 mpaka 92, chifukwa okosijeni wambiri angachititse kuti mpweya woipa uunjikane m'magazi, wodwala n'kuyamba kuodzera. Kamakinaka kamanama chala chikazizira, chikhadabo chikapakidwa utoto, kapena wodwala akamanjenjemera. Pa khungu lakuda kangaonetse nambala yokwera pang'ono kuposa yeniyeni. Ndipo munthu wochepa magazi kwambiri angaonetse 98 thupi lili pa njala ya mpweya, poti magazi onyamula mpweyawo ndi ochepa. Choncho yang'anani lilime, mkati mwa milomo ndi m'zikope. Wodwala akayamba kusakhazikika kapena kubwebweta, ganizirani za kuchepa kwa okosijeni musanamutche wovuta.

Timapaipi ta m'mphuno timafuna okosijeni wa lita 1 mpaka 5 pa mphindi kwa wamkulu. Kwa khanda lobadwa kumene theka la lita mpaka lita 1. Masiki wamba asatsike pa malita 5, apo ayi wodwala azipumanso mpweya umene watulutsa. Wodwalika kwambiri mupatseni masiki ya chithumba pa malita 10 mpaka 15, ndipo chithumbacho chifufume musanamuveke. Nambala ya pa kamakina kapachala ikapanda kukwera, londolani paipi kuyambira kumphuno mpaka ku silinda. Kawirikawiri imakhala itapindika, itazuka, kapena mphuno zatsekeka ndi mamina. Moto ndi fodya zisayandikire, ndipo pamphuno pouma musapake vaselini, chifukwa mafuta amayaka msanga pali okosijeni.

Mpweya ukalowa m'mapapo, magazi ndi amene amaufikitsa ku ubongo ndi impso. Mtima wa wamkulu umagunda ka 60 mpaka 100 pa mphindi. Sindikizani chikhadabo kwa masekondi 5 n'kusiya; kufiira kubwerere mkati mwa masekondi 2. Kukachedwa kupitirira 3, manja ali zii, mtima ukuthamanga koma mofooka, magazi sakuzungulira bwino ngakhale BP ikuoneka yabwino, pakuti iyo imatsika mochedwa, makamaka kwa ana. Letsani magazi ngati akutaya, ikani kanyula (kapaipi kolowetsa mu mtsempha) ndipo itanani dokotala. Dripu musaithamangitse kwa wodwala mtima amene watupa miyendo, chifukwa madziwo amakathera m'mapapo. Yezani mkodzo: wamkulu wa makilogalamu 60 azitulutsa mamililita osachepera 30 pa ola. Zonsezi zilembeni ndi nthawi yake, ndipo kwa wodwalika bwerezani pa mphindi 15 zilizonse mpaka atakhazikika.