Kuumitsa matabwa ocheka nokha kuti asadzapindike pa denga

Thabwa longochekedwa kumene limakhala ndi madzi ambiri, ndipo likamauma limachepa m'lifupi ndi m'kuchindikala. Mukalikhomera lili laliwisi, lidzaumira pa denga pomwepo: mapaso amapotoka, misomali imakhwefuka, malata n'kuyamba kudontha. N'chifukwa chake pocheka muzionjezako mamilimita 3 mpaka 5 pa muyeso womwe mukufuna, kuti mmisiri adzapeze popala. Ngati ndi mitengo yachilengedwe monga mukwa kapena mbawa, yambani mwatenga chilolezo chodula ndi chonyamulira ku Forestry Department.

Kuno ku Chipata vuto si kuchedwa kuuma ayi. Vuto ndi kuuma mofulumira kwambiri, komanso chiswe. Kutentha kwa Sepitembala ndi Okutobala kumaumitsa kunja kwa thabwa m'kati mukadali madzi, ndiye kunjako kumakokana, m'kati mukukana, thabwa n'kung'aluka. Nthawi yabwino yocheka ndi Meyi kapena Juni, mvula itatha, kuti matabwa ataye madzi pang'onopang'ono m'miyezi yozizira dzuwa lisanakwiye. Bulugamu ndiye wovuta kuposa yonse pa nkhani ya ming'alu, musamuonetse dzuwa ngakhale tsiku limodzi. Paini vuto lake ndi lina: akagona pamulu wopanda mpweya masiku ochepa chabe, amachita chuku ndi mawanga abuluu omwe sachoka ngakhale mupale. Ameneyu musanjeni tsiku lomwe mwacheka.

Posanja mulu wa matabwa, sankhani malo okwera, osadikha madzi, odutsa mphepo, kutali ndi chulu. Lambulani udzu mamita atatu kuzungulira chifukwa cha moto wolusa. Mangani timizati ta njerwa totalika masentimita 45, ndipo pamwamba pa kamzati kalikonse ikani kachidutswa ka lata kotulukira m'mbali kuti chiswe chikamakwera chizionekera. Gonekani mitanda yolimba pa timizatito, motalikirana masentimita 60, n'kuyeza ndi levulo kapena chingwe. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa mtanda umodzi ukatsika, thabwa lililonse pamulupo lidzauma lili ndi linunda pamalo omwewo.

Chotsani makungwa onse ndi kusesa utuchi, popeza m'makungwa ndi momwe mumabisala tizilombo toboola matabwa. Kenako yalani mzere woyamba, kusiya mpata wa zala ziwiri pakati pa thabwa ndi linzake. Pamwamba pake dutsitsani timatabwa tolekanitsa ta mamilimita 25 mbali zonse, touma kale, tofanana kuchindikala. Tatiwisi timasiya mizere yakuda. Kalikonse kakhale pamwamba penipeni pa mtanda, ndipo ka mzere wotsatira kakhale pamwamba pa kanzake, kotero kuti mukaima pambali muone mzere woongoka kuchokera pansi mpaka pamwamba. Tikasemphana, kulemera kwa mulu kumapinda matabwa apansi. Toyamba ndi tomaliza tikhale kumapeto kwenikweni kwa matabwa. Ataliatali ndi ochindikala ayambe pansi, ndipo pasakhale nsonga yolendewera.

Madzi amathawira kwambiri ku nsonga, ndiye ming'alu imayambira kumeneko. Pakani nsonga zonse penti yamafuta kawiri mukangocheka. Ambiri amaiona ngati ntchito yotayitsa nthawi, koma imapulumutsa chidutswa chomwe mukanadula n'kutaya mbali zonse ziwiri.

Mulu usapitirire mamita 1.5 m'lifupi kuti mphepo ifike pakati, ndipo usatalike kuposa munthu, ungagwere ana. Pamwamba ikani malata opendekeka otulukira m'mbali, n'kuwatsindira ndi njerwa kapena miyala, yomwenso imathandiza matabwa apamwamba kusapotoka. Musakute mulu ndi pulasitiki mpaka pansi, mudzaoletsa matabwa. Mbali yowomba dzuwa la masana tchingani ndi masaka kapena mphasa. Sabata iliyonse suzumirani pansi, ndipo mukaona njira za dothi za chiswe pa njerwa, ziphwanyeni.

M'chilimwe paini wa mamilimita 25 amauma pa miyezi iwiri kapena itatu, mukwa ndi mbawa zimafuna miyezi inayi kapena kuposerapo, ndipo thabwa la mamilimita 50 limatenga nthawi yoposa kawiri. Koma musadalire kalendala yokha. Lembani chizindikiro pa thabwa limodzi la pakati pa mulu, muziliyeza pa sikelo sabata iliyonse. Kulemera kukasiya kutsika kwa masabata atatu, lauma mmene mpweya wakunja ungaliumitsire. Amene ali ndi kachipangizo koyezera chinyezi aonetsetse kuti matabwa a denga ali pansi pa 20 peresenti, pomwe a zitseko ndi mafelemu afike pa 12 mpaka 15, ndipo amenewa agone m'nyumba masabata awiri asanapalidwe.